Kuchoka pa njinga kufika pa sitolo: m'mene mpamba umakulira ku Milange

MILANGE — Kukamacha m'miyezi ya Meyi ndi Juni, nkhungu isanachoke pa phiri la Tumbine, misewu yolowa m'tauni ya Milange imakhala itadzaza kale ndi njinga zakapalasa. Zambiri mwa njingazi sizikweredwa ayi. Eni ake amazikankha, thukuta lili kamukamu, chifukwa pa kaliyala pali matumba awiri a chimanga ndipo lachitatu alipanikiza pakati pa felemu. Ulendo wawo ndi wa ku msika wa m'tauni kapena kutsidya kwa mtsinje wa Muloza, kumene amalonda a ku Malawi amadikira ndi masikelo ndi malole awo.

Ena mwa anthu amene lero ali ndi timasitolo, zigayo ndi njinga zamoto m'bomali anayambira pa ntchito yomweyi. Koma aliponso ena amene anayamba kukankha njinga ali anyamata, ndipo lero imvi zatuluka akukankhabe. Katundu anali yemweyo, msewu womwewo, ogula omwewo. Chimene chinawasiyanitsa si mphamvu, pakuti onse ndi anthu olimbikira mosakayikitsa. Nkhani yagona pa mpamba, makamaka pa zimene zimauchitikira pakati pa mwezi wokolola ndi mwezi wa njala.

Kale ntchito inali ya tiyi

Milange sinayambe ngati tauni ya amalonda. M'nthawi ya Apwitikizi chuma cha derali chinali tiyi. Minda ya tiyi inatsegulidwa m'munsi mwa Tumbine, ndipo pofika zaka za m'ma 1920 masamba anali kukonzedwa pa fakitale pompano, monga zinkachitikira kutsidya ku Mulanje. Mwana wa m'mudzi ankakhala wothyola tiyi kapena mlimi. Kugula ndi kugulitsa kunali m'manja mwa eni makantina, Apwitikizi ndi Amwenye, amene ankatenga mbewu kwa alimi n'kuwagulitsa mchere, sopo, nsalu ndi makasu. Dziko litalandira ufulu m'chaka cha 1975 ambiri mwa eni makantinawo anachoka, minda ya tiyi inapita kwa kampani ya boma ya Emochá, ndipo pambuyo pake ntchito yogula mbewu inaperekedwa kwa Agricom.

Kenaka inadza nkhondo. M'chaka cha 1986 asilikali a Renamo analanda tauniyi ndipo anthu zikwizikwi anaolokera ku Malawi. Asilikali a boma ataitenganso mu Juni 1988 anapeza nyumba zopanda madenga ndi mafakitale osagwira ntchito. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ndipo m'zaka ziwiri zotsatira anthu anabwerera m'midzi yawo ndi timapoto, makasu ndi mbewu zochepa. Esiteti yoti n'kukapemphako ntchito panalibe, kantina yoti n'kukagulitsako nyemba panalibenso.

Koma zaka za ku Malawi sizinapite pachabe. Obwererawo anali atadziwa kwacha, misika ya ku Limbuli ndi ku Luchenza, komanso anali atasiya abale ndi abwenzi kutsidyako. Choncho malonda a Milange anayambitsidwa ndi anthu amene makolo awo sanagwirepo sikelo, ndipo aliyense anaphunzira yekha, kawirikawiri ataluza kaye.

Chimanga chidziwa njira ya ku Muloza

Chimanga cha Milange chimapita ku Malawi pa zifukwa zosavuta kumva. Nthaka ya kuno ndi yachonde, mvula imagwa bwino, ndipo malo olima alipo. Kummwera kwa Malawi anthu ndi ochuluka, minda ndi yaing'ono, ndipo ku Mulanje ndi ku Thyolo malo ambiri abwino ali pansi pa tiyi. Kuchokera pa chipata cha Muloza kukafika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 100, pamene kukangofika ku Mocuba ndi pafupifupi 190, osanena za Quelimane. Kwa zaka zambiri msewu wa ku Mocuba unali wafumbi ndipo nthawi ya dzinja malole ankatitimira m'matope.

Kuyambira mu Julayi 2004 bungwe la FEWS NET pamodzi ndi la WFP anayamba kuwerenga mbewu zodutsa m'malire popanda kulembedwa ndi a kasitomu. Anapeza kuti m'nyengo ya 2005/06, pamene ku Malawi kunali njala, matani oposa 70,000 a chimanga analowa m'dzikomo kuchokera ku Mozambique, ndipo Muloza ndiye anali chipata chachikulu kuposa zonse. Gawo lalikulu la chimanga chimenechi linaoloka pa njinga, matumba atatu kapena anayi ulendo umodzi.

Ndalama zimene zadutsa m'manja mwa anthu a Milange m'zaka zonsezi ndi zambiri ndithu. Zimene zatsala m'manjamo ndi zochepa, ndipo chifukwa chake chimaoneka bwino munthu akatsatira mtengo wa chimanga mwezi ndi mwezi. Pokolola, mu Epulo ndi Meyi, aliyense amagulitsa nthawi imodzi ndipo mtengo umagwa. Mlimi amadziwa kuti akugulitsa motchipa, koma ngongole ya feteleza ikumudikira, ana akufuna zovala, mchere watha. Pofika Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zambiri zimakhala zopanda kanthu, mtengo umakwera, ndipo mlimi yemwe uja amapita kukagwira ganyu kuti agule ndi ndowa chimanga chimene anagulitsa ndi thumba. Phindu la miyezi imeneyi limadyedwa ndi munthu amene anatha kudikira.

N'chifukwa chake cholinga choyamba cha wamalonda wa njinga amene akufuna kukwera chimakhala chaching'ono pochimva: kuti chaka chino matumba asanu asagulitsidwe mpaka Khirisimasi itadutsa. Si galimoto kapena nyumba yamalata, koma matumba asanu basi. Komabe matumba asanuwo amafuna zinthu zingapo zimene ziyenera kukonzedwa mwezi wokolola usanafike. Chimanga chiyenera kuumitsidwa mokwanira, pakuti chogulidwa chachinyezi chimachita nkhungu ndipo chimapepuka pa sikelo chikauma. Pafunika mankhwala a anankafumbwe kapena matumba aja osalowa mpweya, chipinda chosadontha, ndi mitengo yoikapo kuti matumba asakhudze pansi. Koposa zonse pafunika ndalama ina yodyera pa miyezi yodikirayo, chifukwa popanda imeneyo thumba loyamba limamasulidwa mu Ogasiti mwana akadwala.

Amene wakwanitsa asanu chaka chimodzi amayesa khumi chaka chinacho. Akuluakulu anati tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Chinthu chothandiza pa cholinga chotere n'chakuti chili ndi nambala ndi mwezi, kotero munthu sangadzinamize. Mu Febuluwale matumba alipo kapena palibe.

Kusunga si kopanda ngozi. Zaka zimene ku Malawi kwakololedwa bwino mtengo sukwera monga m'mene anthu amayembekezera, ndipo maboma a mbali zonse ziwiri nthawi zina amaletsa kutulutsa mbewu. Wosunga ndi ndalama yakeyake amangodandaula n'kudya chimangacho ndi banja lake. Wosunga ndi ndalama ya katapila amagulitsa njinga.

Mpamba ndi mphika wa pakhomo

Mdani wamkulu wa bizinesi yaing'ono kuno si msonkho kapena akuba, koma thumba limodzi. Mayi wogulitsa tomato ndi usipa amaika ndalama zonse za tsiku pa mfundo ya chitenje, ndipo mfundo yomweyo ndi imene imagula ndiwo, kulipira chigayo ndi kupereka chipepeso pa maliro. Madzulo sangathe kunena ngati wapindula kapena wadya mpamba. Amadzazindikira patapita miyezi, akaona kuti dengu limene ankaoda lodzaza tsopano akuoda la theka.

Amene akupita patsogolo amachita chinthu chimene ana asukulu angachiseke: kope la masamba ochepa ndi bolopeni. Mbali imodzi amalemba zooda, mayendedwe ndi chiphaso cha msika, mbali ina zogulitsa, kumapeto mayina a otenga pa ngongole. Amadzipatsa malipiro a tsiku, ndipo zotsala sazikhudza. Osadziwa kulemba amauza mwana wa m'kalasi lachisanu kuti awalembere, kapena amangosiyanitsa ndalama m'zitini ziwiri. Kumeneku n'kukula kwa munthu mwini wakeyo, kusanafike kukula kwa bizinesi.

Chovuta kwambiri ndi abale. M'midzi ya kuno munthu sakana malume ake kapena mlongo wake wamasiye, ndipo sikoyenera kuti azikana, pakuti iwo omwewo ndi amene adzamunyamule akadzadwala. Koma okala ambiri atsekedwa ndi mawu akuti “ndidzapereka mawa”. Ena apeza njira yaulemu: mbale amapatsidwa kuchokera pa malipiro a mwini sitolo, mwaulere ndi pamaso pa banja, osati kuchokera pa shelefu. Mphatso imatha pomwepo, pamene ngongole ya pachibale imawononga katundu ndi chibale chomwe.

Pano ndi pamene magulu osunga ndalama amathandiza. Chiperegani, chimene kummwera kwa dziko amati xitique, chimapatsa munthu ndalama yochuluka nthawi imodzi, yokwana kugula sikelo kapena matayala. Banki m'khonde imapitirira apo. Anthu 15 mpaka 30 amakumana sabata iliyonse, amagula masheya, amabwerekana pa chiwongoladzanja chimene agwirizana, ndipo bokosi limakhala ndi maloko atatu, makiyi ali kwa anthu atatu osiyana. Njirayi inayambitsidwa ndi bungwe la CARE ku Niger mu 1991 ndipo yafalikira m'maiko ambiri a mu Africa. Ubwino wake waukulu kwa mayi wamalonda si chiwongoladzanja ayi, koma yankho loona limene angapereke kunyumba: ndalama ili m'bokosi ndipo kiyi alibe. Gulu lochenjera limakonza zoti ligawane ndalama mu Epulo kapena Meyi, chimanga chili chotchipa, m'malo mogawana mu Disembala pamene zonse zimathera pa mpunga ndi zovala za chikondwerero.

Ndalama ziwiri m'thumba limodzi

Wamalonda wa Milange amawerenga ndalama ziwiri. M'midzi yambiri ya m'malire kwacha yakhala ikuyenda ngati ndalama ya pakhomo, ndipo osintha ndalama amakhala pafupi ndi chipata ndi mitolo yawo m'manja. Izi zimafewetsa malonda, koma zili ndi msampha. Kwacha inatsitsidwa mphamvu mu Meyi 2012, inatsitsidwanso ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ulendo womalizawu dola imodzi inachoka pa makwacha pafupifupi 1,180 kufika pa 1,700. Munthu amene anagona ndi K100,000 pansi pa mphasa anagona ndi madola 85 n'kudzuka ndi 59, wakuba asanalowe m'nyumba.

Amene anapulumuka ndi aja amene sasunga kwacha usiku wambiri. Akagulitsa chimanga ku Limbuli amaoda shuga, mafuta ophikira kapena ziwiya tsiku lomwelo, kapena amasintha kukhala metikali. Mafoni athandiza pa zimenezi. M-Pesa inayamba ku Mozambique mu 2013, ndipo e-Mola ya Movitel inatsatira, kotero ndalama imene kale inkasokeredwa mu mtsamiro tsopano imakhala pa nambala. Kukhala ejenti wa ndalama za pafoni kwasanduka bizinesi paokha kwa achinyamata amene ali ndi tebulo, ambulera ndi mpamba wokwanira.

Phunziro lina linadza ndi nandolo. Mtengo wake utakwera chifukwa cha msika wa ku India, alimi a ku Zambézia anakuza minda ndipo amalonda ena anaika mpamba wonse pa mbewu imodziyi. Mu Julayi 2016 nduna yaikulu ya India, Narendra Modi, anabwera ku Maputo ndipo maiko awiriwa anasainirana pangano logula nandolo. Koma India itakolola zochuluka, mu Ogasiti 2017 inaika malire pa nandolo wolowa m'dzikomo, ndipo mtengo kuno unagwa mwakuti ena anasiya mbewu m'munda osakolola. Chigamulo chinapangidwa ku New Delhi, misozi inagwa ku Majaua ndi ku Mongue. Amene anali ndi nyemba, soya kapena kasitolo pambali anapirira.

Mamiliyoni asanu ndi awiri aja

Boma nalo linayesapo kupereka mpamba. Mu 2006, pansi pa Pulezidenti Armando Guebuza, boma lililonse laling'ono m'dziko linayamba kulandira mametikali 7 miliyoni pa chaka, ndalama zimene aliyense amazidziwa kuti “sete milhões”, ndipo mu 2009 zinatchedwa Fundo de Desenvolvimento Distrital. Cholinga chinali kuchulukitsa chakudya, kuyambitsa ntchito ndi kubweretsa ndalama m'midzi. Makhonsolo a alangizi a m'madera ndiwo ankasankha oyenera kulandira. Zigayo, makola a nkhuku ndi timasitolo zinatsegulidwadi, koma m'dziko lonse ndalama zobwezedwa zinali zochepa kwambiri. Ambiri ankaziona ngati mphatso ya boma, ndipo madandaulo akuti olandira anali odziwana ndi akuluakulu anamveka m'zigawo zonse.

Palinso china chimene sichinenedwa kawirikawiri. Ngongole yaikulu ikaperekedwa kwa munthu amene sanasungepo kope ngakhale la matumba asanu, imamugwetsa m'malo momukweza. Amagula chigayo asanawerenge mtengo wa dizilo, malamba ndi masefa, asanafunse kuti zigayo zilipo zingati kale pa mtunda woyenda pansi. Injini ikafa koyamba, ndalama yokonzera palibe. Mu 2025 boma la Pulezidenti Daniel Chapo linakhazikitsa thumba latsopano lotukula chuma cha m'madera, FDEL. Oyendetsa thumbali angachite bwino kufunsa wopempha aliyense kope lake la chaka chathachi asanamufunse chikalata chokongola cha pulojekiti, pakuti chikalata amalemberana pa malipiro, pamene kope lakuda ndi mafuta silingapekedwe usiku umodzi.

Msewu watsopano, ogula atsopano

Msewu wa Milange–Mocuba unaikidwa phula m'zaka za m'ma 2010 ndi thandizo la European Union. Ulendo umene unkatenga tsiku lathunthu tsopano ndi wa maola ochepa, ndipo mbewu za kuno zili ndi njira yachiwiri, yopita ku Mocuba, Quelimane ndi Nampula. Mlimi amene ali ndi ogula awiri amalankhula ndi mawu okwera. Koma phula limayenda mbali zonse ziwiri. Malole a makampani akuluakulu amafika mpaka m'midzi ndi masikelo awo, ndipo katundu wa m'mafakitale akutali amadzaza misika. Telala akulimbana ndi kaunjika, amene kuno amatchedwa calamidade potengera zovala za chithandizo za nthawi ya nkhondo. Mmisiri wa matabwa akulimbana ndi mipando ya pulasitiki.

Choncho kuthandiza mabizinesi a pamalo si nkhani ya chifundo. Milange imatulutsa chimanga n'kugula ufa wa m'mapaketi, imatulutsa soya ndi mpendadzuwa n'kugula mafuta ophikira ndi chakudya cha nkhuku zochokera kwina. Ntchito yokonza mbewu, imene ili ndi phindu lalikulu ndi malo a achinyamata, imagwiridwa ku Limbe, ku Nampula kapena kutsidya kwa nyanja. Khonsolo ya tauni, imene yakhalapo kuyambira 1998, masukulu, mipingo ndi mabungwe ndiwo ogula aakulu m'bomali. Desiki imodzi yogulidwa kwa kalipentala wa ku Milange imalipira wocheka matabwa, wonyamula ndi mnyamata wophunzira ntchito. Koma oda yotere iyenera kulipidwa pa nthawi yake, chifukwa mmisiri wamng'ono amene wadikira malipiro miyezi isanu ndi umodzi amakhala atatseka kale.

Amalonda nawo ali ndi mbali yawo. Ofesi singagule kwa munthu wopanda nambala ya msonkho ya NUIT, laisensi ndi lisiti. Ambiri amaopa kulembetsa poganiza kuti boma liwadyera zonse, chikhalirecho lamulo la 2009 la msonkho wa amalonda ang'onoang'ono, ISPC, linaika 3 peresenti ya zogulitsa kwa amene malonda awo sapitirira mametikali 2.5 miliyoni pa chaka. Wofuna kulembetsa ayenera kufunsa ku ofesi ya zamsonkho m'mene lamuloli lilili panopa. Ndipo sikelo yobera, imene alimi amaidandaula chaka ndi chaka, imapindulitsa nyengo imodzi yokha. Mlimi wobedwa makilogalamu awiri pa thumba amauza mudzi wonse, ndipo chaka chinacho amadutsa ndi njinga yake osayang'anako.

Pali zinthu zimene kope silingaziletse. Mu Januwale 1998 nthaka inagumuka pa phiri la Tumbine mvula itagwa yambiri, n'kupha anthu ndi kukokolola nyumba ndi minda. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy, amene analowa kumtunda pafupi ndi Quelimane pa 11 mwezi umenewo, anawononga mbewu, misewu ndi milatho ku Milange, Mulanje ndi Phalombe. Matumba osungidwa pansi m'nyumba za zidina zosawotcha ananyowa pamodzi ndi makoma. Pambuyo pa mvula yotere amene amayamba kutsegula benchi lake pa msika ndi uja anali ndi kena kake pa foni kapena m'bokosi la gulu, ndipo m'magulu ambiri thumba la zadzidzidzi limene mamembala amasonkha sabata ndi sabata ndilo limagula malata oyamba.

Mwezi wa Febuluwale ukafika, njinga za pa msewu wa Muloza zimachepa ndipo zambiri zimayenda zopepuka. Pa msika chimanga chimagulitsidwa ndi timbale ndi ndowa, ndipo mizere ya pa chigayo imakhala ya timatumba ta m'manja. Apo ndi apo pa khonde la nyumba pamaoneka thumba lomasulidwa kumene, sikelo yopachika pa mtanda wa denga, ndi mwana wasukulu atakhala pa mpando ndi kope pa bondo, akulemba makilogalamu amene mayi ake akuyeza.